Raspberry Pi ikajama pa Kodi musafomate khadi kaye, yambirani ku chaja

Anthu ambiri akangoona kuti Kodi, pulogalamu yoonerera mafilimu, yajama pa Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kolumikiza ku TV, kaya sikirini yangoti bii, kaya filimu ikudukizadukiza, amazula memori khadi nkulifomata, kuikanso mwatsopano LibreELEC, sisitimu imene imayendetsa Kodi pa Pi. Imagwira masiku ochepa kenako vuto lija labweranso, chifukwa vutolo silinali mu pulogalamu ayi. Ine zimandipweteka kuona munthu akutaya library yonse, mndandanda wa mafilimu ake uja, imene wakhala akuikonza miyezi ndi miyezi, ma settings onse, pomwe chikuvuta ndi chaja ya foni yakale imene anangoitola m'dirowa. Ndiye pano ndikuonetsani mmene ine ndimafufuzira, kuyambira pansi penipeni pa magetsi kukwera mpaka ku ma add-on, timapulogalamu toonjezera mu Kodi, ndipo ndikupemphani chinthu chimodzi chokha, muzisintha chimodzi nkuyesa, kenako china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi nkugwira, simudziwa kuti chakonza ndi chiti.

Poyamba dziwani kuti muli ndi Pi yanji, zalembedwa pa bolodi pomwepo. Yoyamba inatuluka mu 2012, Pi 2 mu 2015, Pi 3 mu 2016, 3B+ mu 2018, Pi 4 mu 2019, Pi 5 mu 2023, ndipo iliyonse ili ndi zimene imatha ndi zimene siingathe olo muinyengerere bwanji. Kodi nayo kale inkatchedwa XBMC, dzina linasintha mu 2014, ndiye mukapeza malangizo pa intaneti akukamba za XBMC, OpenELEC kapena Raspbmc dziwani kuti ndi akale kwambiri. LibreELEC inapatukana ndi OpenELEC mu 2016, Raspbmc ndi imene inadzakhala OSMC, sisitimu ina yoyendetsa Kodi pa Pi. LibreELEC 10 imabwera ndi Kodi 19, 11 ndi Kodi 20, 12 ndi Kodi 21. Musazione ngati zongoloweza izi, malangizo ambiri a nthawi ya LibreELEC 9.2 kubwerera mmbuyo sagwiranso ntchito pa zatsopanozi, muona tikafika pa HDMI.

Ngati Pi yanu ikuyaka mpaka kufika pa menyu, yatsani SSH, njira yolowera mu Pi kuchokera pa laputopu nkumailembera malamulo, lero lomwe, musadikire tsiku la vuto. Pa LibreELEC lowani mu Settings, LibreELEC, Services, Enable SSH. Dzina lolowera ndi root, pasiwedi yobwera nayo ndi libreelec, muisinthe pompo. Pa OSMC dzina ndi osmc pasiwedi osmc. IP ya Pi, adiresi yake pa netiweki, muipeza mu System information. Pa laputopu ya Windows gwiritsani PuTTY kapena ingotsegulani Command Prompt nkulemba ssh root@ kenako IP ija. Ubwino wake ngoti tsiku limene TV ikukana kuonetsa chithunzi mumathabe kulowa mkati mwa Pi nkuifunsa kuti chikuvuta nchani.

Tsopano magetsi, apa ndi pamene pagona nkhani. Pi 3 imafuna 5.1V 2.5A, Pi 4 imafuna 5.1V 3A kudzera pa USB-C, Pi 5 kuti igwire bwinobwino ndi zonse mwalumikiza imafuna 5A, chaja yake yovomerezeka ija ya 27W. Volteji ikatsika pansi pa 4.63V Pi imadzichepetsa yokha liwiro kuti isazime, ndiye inu mumangoona filimu ikugwiragwira, menyu ikulemera, Wi-Fi ikuduka, hadi disiki ikuti tche tche nkusowa, nthawi zina Pi kuzima nkuyakanso yokha pakati pa filimu. Zonsezi munthu amaganiza kuti ndi Kodi. Pa ma version akale pankabwera kachizindikiro ka mphenzi kachikasu pakona yakumanja mmwamba, koma pa atsopanowa musadalire kameneko, kakhoza osaoneka pomwe vuto lilipo. Yang'anani kagetsi kofiira pa bolodi, pa Pi 3 ndi Pi 4 kamayenera kuyaka nthawi zonse osaphethira. Kakamathima kapena kuphethira, mphamvu yachepa basi.

Njira yotsimikiza ndi iyi, onerani filimu kwa mphindi 20 kapena 30 kenako lowani pa SSH mulembe

vcgencmd get_throttled

Ikayankha throttled=0x0 ndiye kuti zonse zili bwino kuyambira pomwe munaiyatsa. Ikayankha 0x50000 ndiye kuti volteji inatsikapo nthawi ina ndipo Pi inachepetsa liwiro, ngakhale panopa yabwerera. Ikayankha 0x50005 ndiye kuti vutolo likuchitika pompano pamene mukuwerengamu. Mukhozanso kulemba dmesg | grep -i voltage muone kuti yadandaula kangati.

Ena amati koma chaja yanga ndi ya fast charge, ya 18W, ingachepe bwanji. Tengani chajayo muwerenge timalemba tating'ono tija kumbuyo. Muona 5V 2A, 9V 2A, mwinanso 12V. Ma watt ambiriwo amabwera pa 9V kapena 12V foni ikapempha, koma Pi 4 sipempha zimenezo, imangotenga 5V, ndiye nambala yokhayo yofunika kwa inu ndi imene ili pafupi ndi 5V. Komanso ma chaja otchipa ambiri amalemba 3A pa pulasitiki koma mkatimo mulibe zimenezo. Kebulo nayo anthu amaiiwala, kebulo yopyapyala yaitali mamita awiri imadya volteji panjira, chaja ikutulutsa 5V koma pofika pa Pi yatsala 4.5V. Sinthani kebulo yokha kaye, yaifupi yonenepa, muyesenso get_throttled. Ndipo chonde musayatse Pi kuchokera pa USB ya kumbuyo kwa TV, zambiri zimapereka 0.5A kapena 1A basi, komanso mukazimitsa TV Pi imadulidwa magetsi mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku, khadi silingakhalitse. Amene muli pa sola kapena mukugwiritsa pawabanki, dziwani kuti ma pawabanki ambiri amadula mphamvu kwa kanthawi kochepa pamene magetsi athima kapena abwera, foni sizindikira koma Pi imayambiranso.

Kutentha nkhani yake njachidule. Lembani vcgencmd measure_temp filimu ikusewera. Ikafika 80 Pi imayamba kuchepetsa liwiro, pa 85 imachepetseratu. Pi 3B+ imayamba kale pa 60, kuchoka pa 1.4GHz kufika 1.2GHz, zimenezo anaipangira dala musadandaule nazo. Pi 4 ndi Pi 5 zimatentha ndithu, ndiye mukaitsekera mu kabokosi ka pulasitiki kopanda mabowo nkuipachika kuseri kwa TV pamene TV imatulutsira mpweya wake wotentha, mwezi wa Okutobala m'nyumba ya malata, mukuiphika. Itsitseni pamenepo, ikani heatsink, kachitsulo kochotsa kutentha, kapena kabokosi ka aluminiyamu kaja, Pi 5 ipatseni fani. Fumbi nalo muzilipemerera.

Kenako khadi. Makhadi abodza ndi ambiri, lalembedwa 128GB mtengo wake wa 16GB, mukaliika pa kompyuta likuonetsadi 128GB koma malo enieni ndi ochepa, mukadutsa malirewo limayamba kulemba pamwamba pa zakale osanena kanthu. Musanaike chilichonse liyeseni ndi h2testw pa Windows kapena F3 pa Linux ndi Mac, imalemba khadi lonse nkuwerenganso, imatenga nthawi koma ikuuzani zoona. LibreELEC sifuna khadi lalikulu, 16GB kapena 32GB lenileni lolembedwa A1, chizindikiro cha liwiro lake, ndi lokwanira, mafilimu muzisunga kwina. Khadi likamafa zizindikiro zake nzosokoneza, mwasintha settings lero mawa zabwerera mwakale, add-on mwaiika koma mukayatsanso palibe, zithunzi za mafilimu zikusowa, kapena Pi ikuyaka lero mawa ayi. Khadi loti layamba kukana kulembedwa silichira, kufomata sikuthandiza, gulani lina. Ndipo kuthima kwa magetsi kwa kwathu kuno ndi mdani wamkulu wa makhadi, chifukwa Kodi imakhala ikulemba mu database nthawi ndi nthawi, magetsi akaduka pakati pa kulembako fayilo imatsala yoduka. Mukadziwa kuti athima nthawi yakuti, izimitseni nokha kudzera pa menyu ya Power, dikirani kagetsi kobiriwira kasiye kuphethira, kenako muzule.

Kagetsi kobiriwirako kamalankhulanso Pi ikakana kuyaka. Werengani kuti kakuphethira kangati kasanapume. Kanayi ndiye kuti siikupeza fayilo ya start.elf, kasanu ndi kawiri ndiye kuti siikupeza kernel, mtima wa sisitimuyo, zonsezi zikuloza ku khadi, kaya linalembedwa molakwika kaya lawonongeka kaya silinalowe bwino. Ngati pa TV pakungooneka mitundumitundu ija ngati utawaleza osapitirira, kawirikawiri mwaika image, fayilo ya sisitimu imene imalembedwa pa khadi, ya Pi ina, mwachitsanzo ya Pi 4 pa Pi 3, kapena yakale pa bolodi yatsopano. Apa pokha ndi pamene kulembanso khadi kuli koyenera. Gwiritsani Raspberry Pi Imager kapena LibreELEC USB-SD Creator, musankhe Pi yanu yeniyeni. Kukopera fayilo ya image pa khadi ngati mukukopera nyimbo sikugwira. Amene muli ndi Pi 1 kapena Pi Zero yoyamba ija, LibreELEC inakusiyani pa 9.2, 10 kupita mtsogolo sizingayake.

Tiyerekeze kuti Pi ikuyaka bwinobwino, pa SSH mukulowa, koma TV ikuti No signal. Pa Pi 4 ndi Pi 5 pali timadoko tiwiri ta micro HDMI, lowetsani pa HDMI0, kamene kali pafupi ndi polowera magetsi. Tima adaputa totchipa ta micro HDMI tija timagwedera, kulemera kwa kebulo kumatikokera pansi, kuli bwino kebulo yoti mbali imodzi ndi micro HDMI mbali ina HDMI yaikulu. Vuto lina lofala kwambiri ndi ili, magetsi akabwera Pi imayaka msanga TV isanadzuke, Pi imafunsa TV kuti umatha ma resolution ati, TV sinayankhe, ndiye Pi imangoganiza kuti palibe TV. Mukayatsa TV mukupeza mdima, kapena chithunzi chachikulu chosaoneka bwino chopanda mawu. Kuyesa kwake nkosavuta, yatsani TV kaye muike pa HDMI yoyenera kenako yatsani Pi. Zikagwira, vuto ndi lomwelo. Pa LibreELEC mankhwala ake ndi oti pa nthawi imene chithunzi chikuoneka bwinoyo mulowe pa SSH mulembe

getedid create

kenako muyatsenso Pi. Imasunga mayankho a TV ija pa khadi, ndiye olo TV ikhale yozima Pi imachita ngati ilipo. Mukadzasintha TV mudzalembe getedid delete kaye, apo ayi izidzalankhula ndi TV yatsopano ngati yakale ija.

Apa ndi pamene malangizo akale amasokeretsa anthu. Muona paliponse akuti ikani hdmi_force_hotplug=1, hdmi_drive=2, hdmi_group, hdmi_mode mu config.txt. Zimenezo zinkagwiradi pa LibreELEC 9.2 kubwerera mmbuyo pamene firmware ndiyo inkayendetsa chithunzi. Pa zatsopanozi chithunzi chikuyendetsedwa ndi kernel ya Linux, mizere imeneyo singamveke, mukhoza kulemba tsiku lonse osasintha kanthu. Ngati mukufuna kukakamiza resolution, mumaonjezera video=HDMI-A-1:1920x1080@60D kumapeto kwa mzere wa mu cmdline.txt, pa mzere womwewo, musadinde Enter, fayilo imeneyo imayenera kukhala mzere umodzi basi. Kuti muthe kulemba mu mafayilo amenewa pa LibreELEC muyambe ndi mount -o remount,rw /flash kenako nano /flash/cmdline.txt, kapena zimitsani Pi muike khadi pa laputopu, mafayilowo akuonekera pa Windows pomwepo. Windows ikakufunsani zofomata gawo lina la khadilo kanani, siikulidziwa chabe, ndi mmene muli zinthu zanu zonse. Ofuna 4K pa 60Hz pa Pi 4 muonjezere hdmi_enable_4kp60=1 mu config.txt, koma ine ndimati siyani menyu pa 1080p, Kodi izisintha yokha kupita pa 4K filimu ikafuna bola mwasankhanso ma 4K mu Whitelist imene tikambe pansipa, menyu imayenda mopepuka ndipo Pi satentha kwambiri.

Chithunzi chikamadulidwa m'mbali, menyu ina osaoneka, musathamangire ku calibration ya mu Kodi. Ndi TV imene ikukulitsa chithunzi. Pa LG sankhani Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, pa zina fufuzani mawu oti overscan muzimitse.

Mawu akasowa lowani mu Settings, System, Audio, ndipo pansi kumanzere musinthe level ifike pa Expert kuti muone zonse. Onani Audio output device kuti ndi HDMI imene mwalumikizayo. Ngati mafilimu ena ali ndi mawu ena alibe, kapena akungoti shiiii, zimitsani Allow passthrough. Passthrough imatumiza mawu a Dolby kapena DTS osawamasula kuti amplifaya iwamasule yokha, ndiye ngati muli ndi TV yokha yosadziwa DTS mumangomva zii. Number of channels ikani 2.0 ngati masipika ndi a TV kapena sabuwufa ya wamba ija. Ambiri amadandaulanso kuti mfuti ndi nyimbo zikuphokosa koma anthu akamalankhula sakumveka, izi zimachitika chifukwa filimuyo ndi ya 5.1 ndipo mawu olankhula ali pa sipika ya pakati imene inu mulibe. Filimu ikusewera tsegulani Audio settings mukweze za centre channel pa downmix kapena Volume amplification pang'ono, kenako Set as default for all media. Ofuna kutulutsa mawu pa kadoko ka 3.5mm kupita ku sabuwufa, pa LibreELEC yatsopano muyenera kuika dtparam=audio=on mu config.txt kuti kaonekere pa mndandanda. Pi 5 kadoko kameneko ilibe nkomwe, mutenge mawu kuchokera ku TV kapena mugule ka USB sound card.

Tsopano kudukiza kwa filimu, tikudziwa kale kuti magetsi ndi kutentha zili bwino. Lumikizani kiyibodi, filimu ikusewera dinani O. Pabwera kabokosi kosonyeza video decoder, ndipo kumapeto kwake kwalembedwa HW kapena SW. HW ndiye kuti chipu chapadera cha vidiyo chikugwira ntchitoyo, SW ndiye kuti CPU, ubongo wa Pi, ikuvutika yokha, muona ma peresenti a CPU ali mmwamba. Apa muyenera kudziwa malire a Pi yanu. Pi 3 kubwerera mmbuyo imatha H.264 mpaka 1080p, koma H.265, imene mafayilo ambiri amalemba x265 kapena HEVC pa dzina, ilibe chipu chake. Mafayilo a x265 anthu timawakonda chifukwa ndi aang'ono, bandulo imapulumuka, koma pa Pi 3 ya 720p mwina iyenda, ya 1080p 10bit ivuta basi, palibe setting imene ingasinthe zimenezo. Pi 4 imatha HEVC mpaka 4K, koma H.264 imalekeza pa 1080p, ndiye vidiyo ya 4K ya H.264 yojambulidwa pa foni kapena kamera ikhoza kudukiza pomwe filimu ya 4K ya HEVC ikuyenda myaa. Pi 5 ili ndi chipu cha HEVC chokha, H.264 imaigwira ndi CPU koma CPU yake njamphamvu, 1080p savutika nayo. AV1 ndi VP9 palibe Pi imene ili ndi chipu chake. H.264 ya 10bit, imene imapezeka kwambiri pa makatuni a ku Japan, nayonso ndi CPU basi. Ngati fayilo ndi yoti Pi yanu imayenera kuitha koma mukuona SW, lowani mu Settings, Player, Videos muone kuti DRM PRIME decoder ndi hardware acceleration yake nzoyatsa. Ngati siingathe, sinthani fayiloyo pa laputopu ndi HandBrake ikhale H.264 1080p kapena mupeze ina.

Pali kudukiza kwina kosiyana, filimu siima koma kamera ikamayenda cham'mbali chithunzi chimanjenjemera pang'ono. Kumeneko ndi kusagwirizana kwa liwiro la zithunzi. Mafilimu ambiri ndi 23.976 pa sekondi, zojambulidwa za TV za kuno ndi ku Ulaya ndi 25 kapena 50, pomwe Pi yaika TV pa 60Hz. Mu Player, Videos, ikani Adjust display refresh rate pa On start/stop, kenako mu System, Display, Whitelist musankhe ma 1080p onse amene TV yanu ikuonetsa, 23.98, 24, 50, 59.94, 60. TV iziphethira sekondi imodzi kapena ziwiri filimu ikamayamba, nzabwinobwino.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi netiweki, koperani fayilo yomweyo pa fulashi muisewere kuchokera pamenepo. Ikayenda bwino, Pi ilibe mlandu, ndi njira imene filimu ikudutsa. Pi 3 yoyamba ili ndi Wi-Fi ya 2.4GHz yokha, 5GHz inayambira pa 3B+. Kuseri kwa TV, mu kabokosi ka chitsulo, rauta ili chipinda china kudutsa makoma a njerwa, Wi-Fi ya ka Pi singalimbe. Kebulo ya Ethernet imathetsa zambiri, olo ya 100Mbps ya pa Pi 3 imakwana 1080p. Chinanso chimene ambiri sadziwa, disiki ya USB 3 imatulutsa phokoso la mawailesi pafupi ndi 2.4GHz, ndiye mukailumikiza pa doko la buluu Wi-Fi kapena ka dongle ka kiyibodi yopanda waya kamayamba kuvuta, ikani ka dongle pa kebulo yotalikitsa kachoke pafupi. Mukamaonera za pa intaneti kudzera pa hotspot ya foni kapena MiFi ndipo kabwalo kaja kakungozungulira, chepetsani quality ifike 720p kapena 480p, cache, malo amene Kodi imasungiratu filimu pang'ono isanaisewere, singapange liwiro limene netiweki ilibe. Pa Kodi 21 za cache zili mu Settings, Services, Caching, pa zakale zinali mu advancedsettings.xml, ndipo musakopere manambala aakulu a anthu a makompyuta akuluakulu pa Pi ya 1GB, RAM idzatha Kodi nkutseka yokha.

Foda ya pa laputopu ya Windows ikamakana kuoneka, musavutike ndi Browse. Windows 10 ndi 11 zinasiya SMB1, njira yakale yogawana mafoda, imene kusakasaka kuja kunkadalira. Sankhani Add network location mulembe IP ya laputopu, dzina la foda, dzina ndi pasiwedi ya akaunti ya Windows. PIN ija mumalowera nayo sigwira, pamafunika pasiwedi yeniyeni. Ndipo mu rauta ipatseni laputopuyo IP yosasintha, apo ayi magetsi akathima nkubwera IP yasintha, library yonse ikuti fayilo palibe. Kodi ikakufunsani ngati mukufuna kuchotsa filimuyo mu library, yankhani No.

Wotchi nayo imasokoneza anthu kwambiri. Pi 4 kubwerera mmbuyo ilibe batire ya wotchi, ikazima imaiwala nthawi, imadalira intaneti kuti idziwe tsiku. Ndiye ikayaka rauta isanadzuke, tsiku limakhala lolakwika, ma certificate a mawebusayiti amaoneka ngati si ovomerezeka, add-on iliyonse ikungoti error, repository ikukana. Yang'anani nthawi pakona ya menyu, ikakhala yolakwika mwapeza. Mu LibreELEC settings, Network, yatsani Wait for network before starting Kodi, muikenso pool.ntp.org pa timeserver. Mu Interface, Regional, timezone country sankhani Malawi, ibwera Africa/Blantyre.

Hadi disiki zazing'ono za 2.5 inchi zija zopanda chaja yake zimakoka mphamvu yambiri zikamayamba kuzungulira. Madoko onse a USB a Pi 4 pamodzi amapereka 1.2A, Pi 5 imapereka 600mA yokha ngati chaja si ya 5A, 1.6A ngati ndi ya 5A. Disiki imodzi pa chaja yabwino imayenda, ziwiri gulani USB hub yokhala ndi chaja yake. Disiki ikamaoneka pa Windows koma pa Pi ikukana kapena simungalembemo, nthawi zambiri inazulidwa pa Windows osapanga Eject, kapena laputopu inazimitsidwa ndi Fast Startup disiki ili pomwepo. Ibwezereni pa Windows, pangani chkdsk, kenako Eject bwinobwino. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB, ifomateni exFAT.

Rimoti ya TV kuyendetsa Kodi zimadutsa mu HDMI momwemo, amati CEC, kungoti kampani iliyonse inapatsa dzina lake, Samsung Anynet+, LG SimpLink, Sony Bravia Sync, Panasonic Viera Link, Philips EasyLink. Yatsani zimenezo mu TV. Ikasiya kugwira mwadzidzidzi pomwe dzulo imagwira, zimitsani Pi, zulani TV ku soketi kwa mphindi zingapo, osati pa rimoti pokha, kenako yatsani TV kaye Pi pambuyo. Makebulo ena otchipa alibe waya wa pin 13 umene CEC imadutsamo, chithunzi chimabwera koma rimoti ayi. Ngati Pi ikumayatsa TV yokha usiku kapena kulanda chanelo anthu akuonera mpira pa dikoda, pitani mu System, Input, Peripherals, CEC adapter muzimitse zoti izidzipanga active source poyamba. TV yopanda CEC ikani Kore pa foni, ndi yaulere, mungoyatsa Allow remote control via HTTP mu Services, Control.

Zonsezi zikakhala bwino koma Kodi ikutsekabe yokha, pa OSMC ikubwera nkhope yokhumudwa ija mobwerezabwereza, pa LibreELEC yalowa safe mode, apa ndiye tafika pa pulogalamu yeniyeni, ndipo kawirikawiri ndi add-on kapena skin, yosintha maonekedwe a menyu ija. Ma build aja amene munthu amakuikirani ma add-on 100 nthawi imodzi ndimadana nawo kwambiri pa Pi, amadya RAM, ambiri mwa ma add-on amenewo eni ake anawasiya kalekale, ena amayendetsa zinthu kuseri zimene inu simukuzidziwa. Kuyambira Kodi 19 mu 2021 ma add-on anasamukira ku Python 3, akale a Python 2 sagwiranso. Kuti mudziwe osataya kanthu, pa SSH lembani

systemctl stop kodi
mv /storage/.kodi /storage/.kodi-yakale
systemctl start kodi

Pa OSMC ndi sudo systemctl stop mediacenter ndipo fodayo ili pa /home/osmc/.kodi. Kodi iyaka yatsopano ngati mwangoiika kumene, koma zanu zonse zili mu .kodi-yakale. Vuto likatha mwadziwa kuti lili mu foda imeneyo, bwezerani zinthu pang'onopang'ono, yambani ndi userdata/sources.xml ndi foda ya Database, ma add-on limodzilimodzi mukuyesa. Vuto likapitirira pa Kodi yoyerayo, bwererani ku chaja, khadi ndi kebulo, pali chimene chakudutsani. Ngati ndi zithunzi zokha za mafilimu zikusokonekera, imitsani Kodi mufufute Textures13.db mu userdata/Database pamodzi ndi foda ya Thumbnails, izipanganso yokha, kungoti idya data podawuniloda zithunzizo.

Mukafuna thandizo kwa anthu ena musangolemba kuti sikugwira. Yatsani Enable debug logging mu System, Logging, yatsaninso Pi, chitani chimene chimabweretsa vutolo kamodzi, kenako tengani /storage/.kodi/temp/kodi.log. Ngati Kodi inatseka nkuyakanso, nkhani ili mu kodi.old.log, imeneyo ndi ya ulendo wapitawo. Nokha mukhoza kulemba grep -i error /storage/.kodi/temp/kodi.log muone mizere yomalizira, dzina la add-on yolakwa limakhala pomwepo. Pa LibreELEC pastekodi imatumiza log pa intaneti nkukupatsani linki, pa OSMC ndi grab-logs -A, koma muyang'anemo kaye musanagawe chifukwa mumakhala mayina a mafayilo anu ndi ma adiresi a netiweki yanu. Nenani Pi yanji, version yanji, chaja ya ma amp angati, ndi yankho la get_throttled.

Zikangoyamba kuyenda bwino pitani mu LibreELEC settings, System, Backup, ipanga fayilo ya .tar mu /storage/backup, muikopere pa fulashi kapena pa laputopu chifukwa ikatsala pa khadi lomwelo idzafa nalo limodzi. Ndipo posamuka kuchoka pa 11 kupita pa 12 kapena kudumpha kulikonse kwakukulu, ikani yatsopanoyo pa khadi lina muyese masiku angapo ndi TV yanu, disiki yanu ndi ma add-on anu, khadi lakale likhale pambali mpaka mutakhutira.